Mbuzi Imene Anaichotsa mu Filimu

Loweruka la mwezi wa Juni ntchito siyifunsa kuti wagona bwanji. Ndinasesa pabwalo, ndinatunga madzi ku mjigo, ndinatsekulira nkhuku, ndinachapa matewera a Chikhumbo ndi yunifolomu ya Hope, ndinaika mbatata pamoto, kenako ndinatulutsa mtedza kuti uume pa lona. Kunatsala kuthothola mulu wina umene tinakumba mkati mwa sabata, kuthirira tomato kudimba, ndi kupita kuchigayo. A Gideoni, amuna anga, anali atalawirira ku Chisepo kukathandiza achimwene awo kudinda mabelo a fodya. Ntchito zonsezi zinali za manja awiri okha, chifukwa manja ena awiri amene amadya m'nyumba muno anali kuchipinda, akudzola mafuta.

Manja amenewo ndi a Iness, mng'ono wanga. Ali Fomu 2. Kwathu kumapiri a Ntchisi sekondale ili kutali, ndiye mayi anati akhale ndi ine kuno ku Dowa. Ine sukulu inathera Fomu 2 yomweyo, mimba ya Hope itaonekera. Sindilira nazo. Ndimangodziwa kuti pa Fomu 2 pali dzenje, ndipo ndikudziwa pamene lili.

Iness anandiuza kuti Madamu Peggy, owaphunzitsa Chingerezi, atsegula kalabu yowerenga mabuku Loweruka masana. Anati mabukuwo satuluka pasukulu. Ndinavomera. Munthu wopita kukawerenga sumupatsa khasu.

Akabwerako ankakhala nafe pamkeka tikuswa mtedza, n'kumafotokozera Hope nkhani imene wawerenga. Poyamba sindinkamvetsera, mutu unali ku mitengo ya feteleza. Koma tsiku lina ndinamva dzina, manja anga n'kuima.

"Odela ananyamula mphika uja," Iness ankatero, "chifukwa m'dziko mwawo chilombo chamapiko chinali chitameza moto wonse. Ndiye amapita kukapala moto kuseri kwa mapiri."

Buku limenelo ndinaliwerenga. Ndilo buku lokha lopanda mayeso limene ndinaligwira m'moyo mwanga. Linali mu katoni ya mabuku opatsidwa, mu ofesi ya aphunzitsi kusukulu kwathu. Ndinkaliwerenga pang'onopang'ono, chala pamzere, mawu ovuta n'kumawadumpha ngati matope. Odela ndinkamudziwa bwino: mwana wa mayi wophika mchere, wamfupi, wamakani, manja ake atapsa ndi mphika mpaka khungu kukakamira ku nsanza. Ndipo sankayenda yekha.

"Nanga mbuzi?" ndinafunsa.

"Mbuzi iti?"

"Ya Odela. Yotsimphina ija."

"Mulibe mbuzi, achemwali. Mwina mukunena buku lina."

"Akuyenda ndi ndani?"

"Ndi mwana wa mfumu, wa pahatchi yoyera. Anakumana pachiyambi pomwe."

Ndinapitiriza kuswa mtedza wanga. M'buku mbuzi ili paliponse. Odela amamwa mkaka wake, amagona ataitsamira kukazizira, amakangana nayo ngati munthu. Munthu wa pahatchi amatulukira kutsogolo kwambiri, pamtsinje. Koma ndinati mwina ndaiwala, papita zaka, ndipo mutu wa mayi wa ana awiri uli ngati sefa.

Hope anakoka siketi ya Iness. "Anti, mwana wa mfumuyo anati chiyani?"

Iness anakhwimitsa mawu ngati mwamuna. "Anati, kwera chemwali, hatchi iyi siyifuna petulo, ndi ya udzu basi!"

Hope anagubuduka ndi kuseka. Ine sindinaseke. M'dziko lopanda ngakhale machesi, petulo achokera kuti? Mawu amenewo sanatuluke m'buku. Ndimagulitsa tomato pamsika, moyang'anizana ndi vidiyo ya a Abrahamu, ndipo chimkuzamawu chawo chimalira tsiku lonse. Mafilimu a azungu amabwera ali ndi munthu wathu womasulira, amene amalankhula pamwamba pa mawu awo, n'kumathira nthabwala zake. Mzungu akanena liwu limodzi, iye amanena khumi. Za petulo zinali za m'kamwa mwa womasulirayo.

Kuyambira tsiku limenelo ndinatsegula maso. Njira ya kusukulu ndi yafumbi lofiira, koma Iness ankabwerako mapazi akunyezimira ndi mafuta, opanda fumbi. Mafutawo sanali amene ndimagula ine. Ndiye akusamba mapazi kuseri kwa bafa ndinaona bala pakatumba ka mwendo wamanja, lozungulira ngati kukamwa kwa kapu.

"Wapsa ndi chiyani?"

"Chikuni."

Chikuni sichiwotcha mozungulira. Bala limenelo amayi onse a pamsika amalidziwa: ndi ekizozi ya njinga yamoto, munthu akatsika mbali yolakwika.

Ndinawauza a Gideoni. Anati, "Mayi a Hope, mwana akaonera filimu walakwa chiyani? Filimu ndi buku ndi chimodzimodzi, kungoti filimu siyipweteka maso."

"Pakhomo pa vidiyo amalipiritsa. Ine sindimupatsa ndalama. Inu mumamupatsa?"

Anakanda kumutu. "Ayi."

"Ndiye akumulipirira ndani?"

Anati tidzaona akabwerako ku fodya. Amuna zinthu zawo zimakhala za tidzaona. Ine ndinaona kale kuti mimba siyidikira mabelo.

Ndiye Loweruka limenelo Iness anatuluka m'chipinda akununkhira, kope m'manja. "Achemwali, ndapita ku kalabu."

"Uwerenge bwino."

Atapota pakona ya mpanda ndinasiya Hope kwa amayi a Mphatso, oyandikana nafe, ndinabereka Chikhumbo, n'kusenza kathumba ka chimanga kuti ondiona aziti ndikupita kuchigayo. Mtedza ndinausiya pa lona. Kumwamba kunali timitambo kumbali ya mapiri, ndinationa, koma ndinati sindichedwa.

Pamsika, pasiteji ya kabaza, anyamata anali atakhala pa njinga zawo akudya nzimbe. Mmodzi anaimba mluzu.

"Alamu! Alamu ake a Alexio! Tikunyamuleni?"

Anzake anamugunda ndi chigongono kuti akhale chete. Ndinapitirira ngati sindinamve, koma dzina ndinalitola. Alexio ndinkamudziwa pamaso: wamtali, wa jekete yofiira, mkazi wake anabwerera kwawo chaka chatha ndi mwana kumsana.

Chimanga ndinachisiya pamzere kuchigayo. Vidiyo ya a Abrahamu ndi chisakasa cha matabwa ndi malata akale, pakhomo pali chinsalu chakuda. Mwini wake anali pampando, kachitini pamiyendo.

"Mayi a tomato, mwasochera? Muno mulibe sikelo ya ana."

"Ndabwera kudzaonera."

"Inu? Lero ndi gawo lomaliza, simumvapo kanthu."

"Ndimva. Landirani."

Mkati munali mdima ndi fungo la thukuta ndi makoko a nzimbe. Ndinakhala pa benchi ya kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khoma. Maso atazolowera ndinamuona Iness kutsogolo, kope lake atakhalira. Pambali pake jekete yofiira. Ndinadziuza kuti filimu si yanga, ine ndabwera kudzaonera manja a anthu awiriwo. Ndione kaye kuti zafika pati, ndisanachite phokoso lopatsa mwana manyazi pachabe.

Dzanja la Alexio linali pa benchi, kumbuyo kwa Iness. Silinamukhudze. Linangokhala pamenepo ngati galu wodikira pakhomo la khitchini.

Koma munthu sungakhale m'vidiyo osaponya diso kutsogolo. Ndinamuona Odela wawo. Wamtali, mano oyera, tsitsi lopesa ngati akuchokera ku saluni ya ku Mponela. Mphika anaunyamula ndi manja osavala kanthu, moto uli lawilawi, koma manjawo ali see ngati a mwana wa m'tauni. Mapiri amene ine ndinawakwera naye teremu yathunthu, iye anawadutsa nyimbo imodzi isanathe. Njala panalibe. Zipsera panalibe. Mbuzi panalibe ngakhale mchira wake. M'malo mwake munali mnyamata wa hatchi yoyera, akumwetulira paliponse, ngakhale pamene palibe choseketsa.

Womasulira naye ali pakalapakala. "Taonani mkazi uyu, abale, akunyada! Hatchi ilipo, iye akufuna kuyenda wapansi. Akazi a masiku ano! Kwera iwe, usiye matama!"

Chisakasa chonse chinaseka. Ndinayang'ana Iness. Nayenso ankaseka, mutu utapendekera ku jekete yofiira.

Kenako anafika pamtsinje.

Apa ndiyenera kunena chimodzi. Buku lija sindinalimalize. Tsiku limene ahedi anandiitana mu ofesi, linali m'chikwama changa, ndipo ndinalibweza pomwepo pamodzi ndi mabuku a boma. Ndinali nditaika kaudzu patsamba limene ndinalekezera. Patsambalo Odela anali ataima m'mbali mwa mtsinje wodzaza, mphika m'manja, mbuzi pambali, ndipo munthu wa pahatchi anali atangotulukira n'kunena kuti amuwolotsa. Zaka zonsezi Odela wanga anali ataima pamenepo. Ndakwatiwa, ndabereka kawiri, iye ali chiimire pamtsinje.

Ndiye madzi ataoneka pa kanemayo, akusefukira monga ndinkawaonera m'mutu, khosi langa linatembenuka lokha. Chikhumbo anayamba kudandaula, ndinamutembenuzira kutsogolo n'kumupatsa bere osamuyang'ana. Odela anakwera hatchi. Anawoloka. Chilombo chinatsika kumwamba, mapiko ngati malata a tchalitchi, mnyamata uja anasolola lupanga. Anamenyana, anamenyana, womasulira mawu mpaka kusasa. Chilombo chinagwa. Moto unabwerera m'midzi yonse nthawi imodzi, kenako ukwati, Odela atavala zoyera.

Ndinati, kodi ndi zimenezi? Ndadikira zaka zonsezi kudikira ukwati?

A Abrahamu anakoka chinsalu, kuwala kunalowa. Ndinayang'ana kutsogolo. Pa benchi paja panali kope lokha.

Ndinabwera kudzalondera mwana, ndalonderera Odela.

Ndinatola kopelo n'kutuluka ndikukankha anthu. "A Abrahamu, mtsikana wa bulauzi yachikasu watuluka liti?"

"Mayi, ine maso anga amaona olowa. Otuluka alibe nane ntchito."

Pasiteji njinga ya Alexio panalibe. Anyamata aja anayamba kuyang'ana nzimbe zawo ngati ndi zachilendo. Ndinaima pakati pa msewu, mwana akulendewera, osadziwa kuti ndithamangire kumtunda kapena kumunsi. Amene anandithandiza ndi mayi wina wokazinga tchipisi. Anangoloza ndi milomo kuseri kwa shedi yakale yogulirako soya.

Ndinawapeza kumeneko. Njinga inali ikulira kale. Iness atakhala kumbuyo, kajumbo ka tchipisi dzanja lina, foni dzanja lina. Alexio ankamanga chipewa chake. Sindinakuwe. Ndinangofika n'kupotokola kiyi, njinga inazima, kiyiyo ndinamuponya m'bulauzi mwanga.

"Aa, alamu, bwanji?"

"Mlamu wanu ndani? Munabwera liti kwathu ndi ankhoswe?"

"Timangopita pa Mponela apa, akaone mlongo wanga. Tibwera dzuwa lisanalowe."

"Mlongo wanu akudwala? Iness ndi namwino?"

"Mayi, bweretsani kiyi. Njingayi ndi ya bwana."

"Ili pamene mwana wanga amayamwa. Bwerani mudzatenge, anthu aone."

Anayang'ana uku ndi uku. Anthu anali atayamba kale kusuzumira pakona ya shedi.

"Iwe, tsika," ndinamuuza Iness. "Utsikire kumanzere, usapsenso ndi chikuni."

Anatsika, nkhope ili pansi. Kiyi ndinamuika pampando wa njinga tisananyamuke, kuti asanene kuti ndaba. Foni Iness anaifumbata, ndipo ndinamusiya. Nkhondo ziwiri sumenya tsiku limodzi.

Tili m'njira mawawa anayamba. Pofika kunyumba mtedza unali utanyowa pa lona, ndipo nkhumba za kwa a Gabriel zinali zitalowa pampanda n'kudya mbali imodzi yonse. Chimanga ndinachiiwala kuchigayo. Tinaola mtedza awiriwiri. Titamaliza ndi pamene anatsegula pakamwa.

"Mwandichititsa manyazi pamsika ponse."

"Manyazi amatha. Wakuchita chiyani?"

"Palibe."

"Wakupempha chiyani?"

"Palibe! Amangondithandiza. Amandinyamula, amandilipirira vidiyo, anandipatsa foni. Sanandipemphepo kanthu. Si amuna onse ali ngati amene anakunamizani inu muli pasukulu, achemwali."

Mawu amenewo analowa. Ndinawameza ndi malovu. Ndinati, "Lolemba tikupita kuchipatala."

Tinapita. Analira njira yonse, akuti sindimukhulupirira. Ndinati ndi zoona, sindikukhulupirira, yenda. Anamuyeza. Analibe mimba. Namwino atanena, ndinakhala pansi pakhonde la chipatala kanthawi.

Koma kupanda mimba Lolemba si kupanda mimba mwezi wamawa. Foni inali ikadali pansi pa pilo, ndipo mtima wa mwanayo unali ukadali pa njinga. Kumumenya kukanangomuthamangitsira komweko. Ndinaganiza za buku lija. Ndinali wotsimikiza kuti m'buku munthu wa pahatchi ndi mbava, kuti akamuwolotsa amulanda moto. Zaka zonse ndinkaganiza choncho. Ndinati mwanayu awerenge yekha, aone chimene a filimu anabisa.

Madamu Peggy ndinawapeza akutuluka m'kalasi, choko mpaka m'zigongono. Anati kalabu ilipodi, Iness anabwera masabata oyamba, anayamba bukulo, kenako anasowa. Anati anzake anamuuza kuti filimu yake yafika kwa a Abrahamu, bwanji kuvutika ndi Chingerezi.

"Theka la kalabu linathawira komweko," anatero. "Pofotokoza amandiuza za ukwati. Ndimangodziwa kuti uyu sanawerenge."

"Ndibwerekeni bukulo, Madamu."

"Satuluka pasukulu."

"Ndidzabweza. Ndinabwezapo kale lina ngati lomweli, tsiku loipa kuposa lero."

Anandiyang'ana, n'kulowa mu ofesi. Limene anabweretsa linali latsopano, ndipo pachikuto panali anthu a mu filimu aja, mtsikana wa ku saluni ndi mnyamata womwetulira. Ndinati kapena mbuzi aichotsanso muno. Ndinatsegula pakati pomwepo, chala pamzere. Inalimo, ikutsimphina bwinobwino.

Masana aliwonse akaweruka, Iness ankakhala pamkeka n'kuwerenga mokweza, ndime imodzi m'Chingerezi, kenako n'kuimasulira m'Chichewa kuti Hope amve, ine ndikuswa mtedza umene unapulumuka. Masiku oyamba ankawerenga ngati akutafuna mchenga.

"Bukuli ndi lochedwa. Tsamba lonse akungokama mbuzi."

"Iwe unakamapo mbuzi? Imachedwa. Werenga."

"Mu filimu pano anali atafika kale."

"Mu filimu sadya. Werenga."

Hope anaikonda mbuziyo kuposa Odela. Akabwera kusukulu funso loyamba linali lakuti mwendo wake wapola. Pang'onopang'ono Iness anasiya kudandaula. Tsiku lina ndinamupeza atapitirira yekha tsamba limodzi, ndinamulanda. Ndinati pamtsinje tikafikira limodzi.

Tinafika Lachisanu lina, dzuwa likupendeka. Ndinasiya mtedza.

Munthu wa pahatchi wa m'buku sanali mwana wa mfumu. Anali bambo wachikulire wachifuwa, hatchi yake yotuwa, ntchito yake kuwolotsa anthu. Iness anawerenga, anaima, n'kumasulira mawu atatsika.

"Akuti, ndikuwolotsa iwe ndi mphika wako. Mtengo wake ndi mbuziyo."

"Ayi!" anakuwa Hope.

Odela anachonderera. Analonjeza mchere, analonjeza kudzalipira pobwera. Bamboyo anati mchere sadya, ndipo za pobwera anazimva kwa anthu ambiri amene sanabwere. Odela anakhala pamwala mpaka khala la mumphika linayamba kuzilala. Kenako anamasula chingwe m'dzanja lake n'kumupatsa. Bamboyo anamanga mbuzi pamtengo, anamuwolotsa, anamutsitsa kutsidya, n'kubwerera. Basi. Sanamulande moto. Sanamukwatire. Sanaonekenso.

Hope anathawira kuseri kwa nyumba akulira. Mbava yanga imene ndinaisunga zaka zonsezi panalibe.

Iness anatseka buku ndi chala mkati. "Mwaona? Si mbava. Munkati ndi mbava."

"Ndinalakwitsa. Si mbava."

"Ndiye?"

"Ndiye wanena mtengo mwanayo asanakwere. A filimu anachotsa mbuzi kuti kukwerako kuoneke kwaulere." Ndinatenga mtedza wina n'kuuswa. "Alexio wako mtengo wake ndi chiyani?"

"Ndinakuuzani, sanapemphe kanthu."

"Ndiye tikamufunse. Mawa ndi tsiku la msika."

A Gideoni anali atabwerako. Nditawauza chimene ndikufuna kuchita anati ndapenga, thumba la mtedza limenelo ndi la feteleza. Ndinati feteleza wa chaka chimodzi ndi kulera khanda zaka makumi awiri, chotchipa ndi chiti? Koma m'mawa anamanga thumbalo pa njinga yawo yakapalasa n'kuikankha kumbuyo kwathu.

Pasiteji panali anthu ambiri. Ndinaima pamaso pa Alexio, Iness pambali panga, foni m'manja mwanga.

"Achimwene, mwadzuka bwanji? Ndabwera kudzafunsa mtengo."

"Wa kuti? Mponela kapena Dzaleka?"

"Wa mwanayu. Mwamunyamula kangapo, mwamulipirira vidiyo, mwamugulira tchipisi ndi mafuta odzola. Zonse pamodzi ndi zingati?"

Anaseka, akuyang'ana anzake. "Mayi, ine ndimangothandiza. Ndi mtima wanga."

"Zikomo. Ndiye nenani pano, anzanuwa akumva, kuti mwanayu alibe nanu ngongole, ndipo simudzamuimitsanso panjira."

Anayamba kupukuta galasi la njinga ndi mkono wa jekete.

"Nena, Alexio," anatero mkulu wa pasiteji, bambo wa ndevu zaimvi. "Si mtima wako?"

"Iyeyu ndimamudziwa," wina anaponya. "Agogo ake omwe amawalipiritsa!"

Anthu anaseka. Nkhope ya Alexio inasintha. "Petulo si madzi a pa mjigo," anatero. "Mukuganiza kuti ndinkawononga zonsezo chifukwa chiyani? Kuti azingondiseka mano? Mwanayu akudziwa. Si khanda."

Sindinamuyang'ane Iness, koma ndinamva mpweya wake ukusintha pambali panga.

"Ndi zimene ndimafuna kumva," ndinatero. "A Gideoni, tsitsani."

Thumba linagwa pafumbi patsogolo pa njinga. Foni ndinaiika pamwamba pake. Mkulu wa pasiteji anapisa dzanja m'thumbamo, anatafuna njere imodzi, n'kunena kuti mtedza ndi wabwino ndipo wapitirira ngongoleyo. Anati nkhani yatha, ndipo akadzamuonanso Alexio ndi mwana wa sukulu ameneyu adzachoka pasiteji. Alexio ananyamula thumbalo. Sanachite manyazi ngakhale pang'ono, analiyeza kaye kulemera kwake ndi manja.

Iness anaona zimenezo. Pobwerera anayenda patsogolo, yekha, fumbi lofiira likukwera m'miyendo.

Bukulo tinalimaliza sabata yotsatira. Odela anabwerera kwawo wapansi, njira yozungulira, ndipo moto anaugawa khomo ndi khomo pa mapale. Chilombo sanachiphe, chinangopeza kuti midzi yoyaka moto yachuluka kuposa pakamwa pake. Zala ziwiri za Odela sizinawongokenso. Ukwati munalibe. Ndinabweza buku kwa Madamu Peggy nditalikutira pepala la khaki, chifukwa Chikhumbo anali ataluma pakona.

Zonsezi zinandidyera izi. Thumba limodzi la mtedza kwa Alexio, ndi pafupifupi theka lina limene nkhumba ndi mawawa zinagawana. Chimanga cha kuchigayo sindinachipezenso, kathumba komwe. Tomato wa kudimba anafota mizere iwiri. Chaka chino feteleza tithira wochepa, ndipo a Gideoni amandikumbutsa akaona munda wa eni ake. Amayi ena kutchalitchi akuti ndinagula mng'ono wanga pamsika ngati nkhuku. Iness sanandilankhule bwinobwino mpaka mayeso a teremu atatha, ndipo mpaka pano akamandipatsa madzi amayang'ana kumbali. Hope sakufunanso nkhani za mitsinje.

Iness ali pasukulu. Loweruka amapita ku kalabu, ndipo Madamu Peggy akandiona pamsika amagwedeza mutu kuti anafika. Akabwerako ndimayang'anabe mapazi ake ngati ali ndi fumbi.